Luso Lomatula Zowotcherera pa Kiyibodi

Nkhani ya lero ikuchokera ku Thyolo, m'dera la Mfumu Nchilamwela, kumene minda ya tiyi yazinga boma ndi midzi yomwe. Ikunena za luso lina limene amisiri okonza mawailesi akhala nalo kuyambira kale, ngakhale kuti anthu ambiri saliwerengera, ndilo luso lomatula chinthu chimene chinawotchereredwa popanda kuononga malo amene chinakhalapo. Kuwotcherera n'kwapafupi, ndipo mnyamata wochangamuka angathe kukudziwa tsiku limodzi. Kumatula ndiko kumatenga zaka, ndiponso ndiko kumaonetsa ngati munthu ali mmisiri kapena woononga katundu wa eni ake.

Amene anagwirapo ntchito m'maofesi a m'maesiteti m'zaka za m'ma 1970 akukumbukira kulira kwa taipi, ndiponso mabuku akuluakulu amene kalaliki ankalembamo kulemera kwa masamba a wothyola aliyense. Esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anaiyamba mu 1923, ndi ena monga Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, anadutsa m'nyengo imeneyo. Masiku ano zolemba zambiri zimadzera pa kompyuta, m'maofesi, m'masukulu ndi m'timashopu totayipa makalata pa boma. Khomo lolowera mu kompyutayo ndi kiyibodi. Batani limodzi likafa, tinene la nambala 5, kalaliki sangathe kulemba 35 kapena 52, pamene pa nambala imeneyo pagona ufa wa banja la munthu. Kugula kiyibodi ina sikophweka monga mmene ena amaganizira. Katundu wotere amachokera kunja, ndipo pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre. Motero funso loyamba la mwini kiyibodi limakhala lakuti kodi singakonzeke?

Yankho limadalira mtundu wake, pakuti makiyibodi ali pawiri. Ochuluka, amenenso ali otsika mtengo, pansi pa mabatani ake pamakhala chinsalu cha labala chokhala ndi timatumphu, ndipo pansi pake mapepala a pulasitiki olembedwapo njira za magetsi. Amenewa chowotcherera sichifika pafupi, chifukwa pulasitikiyo amafota nthawi yomweyo. Mtundu wachiwiri ndi umene umatchedwa mechanical. Umalemera m'manja, umamveka kuti khwa khwa poutayipa, ndipo pansi pa batani lililonse pali switchi yakeyake, yokhala ndi sipuling'i ndi timalilime tiwiri tachitsulo timene timakhudzana munthu akadina. Maswitchi odziwika kwambiri ndi a Cherry MX, amene anayamba kupangidwa ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kampani yake inkalonjeza kuti switchi imodzi ingadinidwe kokwana 50 miliyoni. Lero makampani ambiri a ku China, monga Gateron ndi Kailh, amapanga maswitchi a maonekedwe omwewo, kotero kuti ina ikhoza kulowa m'malo mwa inzake. Kiyibodi yathunthu imakhala ndi mabatani 104 kapena 105. Kuitaya yonse chifukwa cha batani limodzi kuli ngati kuzula munda chifukwa tchire limodzi lauma.

Nyengo ya ku Thyolo ndi yokomera tiyi, koma zitsulo sizikondwera nayo. Chiperoni chikagwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chinyontho chimalowa m'nyumba ndi m'maofesi, n'kusakanikirana ndi fumbi limene linalowa m'nyengo yadzuwa. Timalilime ta m'kati mwa switchi timachita utsiru, ndipo batani limayamba kulemba chilembo kawiri, kapena kufuna kudinidwa mwamphamvu, kenaka n'kufa. Palinso mdani wina amene sachokera kumwamba, ndiye kapu ya tiyi wa shuga imene imaikidwa pambali pa kiyibodi. Madzi amauma koma shuga amatsalira, ndipo nyerere sizichedwa kumva.

Komabe mmisiri wodziwa ntchito sathamangira chowotcherera. Amayamba wafufuza ngati switchiyo ilidi yolakwa. Maswitchi pa bolodi amalumikizana m'mizere yopingasa ndi yotsika, monga mizere ya m'munda ndi tinjira toidutsa. Ngati mabatani angapo a mzere umodzi afera pamodzi, vuto silili pa maswitchi. Njira ya mkuwa yaduka penapake, kapena pali malo amene mtovu wang'ambika. Ngati lafa batani limodzi lokha, mmisiri amatsekula kiyibodi, n'kuilumikiza ku kompyuta, n'kukhudza miyendo iwiri ya switchiyo nthawi imodzi ndi kachitsulo kopanira. Magetsi a USB ndi mavoti 5 okha, choncho palibe choopsa. Chilembo chikaoneka pa kompyuta, ndiye kuti njira zonse zili bwino ndipo wolakwa ndi switchi. Chikapanda kuoneka, akayikire kachipangizo kotchedwa diode kamene kamakhala pambali pa switchi iliyonse. Nthawi zina dontho la spiriti wotchedwa isopropyl, lothiridwa m'kati mwa switchi ndi kudina kambirimbiri, limathetsa nkhani yonse. Zonsezi zikalephera m'pamene amazula chingwe ku kompyuta, n'kujambula mabatani ndi foni kuti asadzaiwale malo ake, n'kuyatsa chowotcherera.

Chitsulo chofewa chimene amisiri amawotcherera nacho ambiri amangochitcha mtovu, koma si mtovu wokha ayi. Chakale chija ndi msanganizo wa magawo 60 a chitsulo chotchedwa tin ndi magawo 40 a mtovu, ndipo chimayamba kusungunuka pa madigiri 183. M'kati mwa waya wake mumakhala flux, amene kawirikawiri amapangidwa kuchokera ku utomoni wa mitengo ya paini. Ntchito ya flux ndi kutsuka utsiru kuti chitsulo chosungunukacho chiyende ndi kugwira. Kuyambira mu 2006, maiko a ku Ulaya analetsa mtovu m'zipangizo zambiri za magetsi, ndipo mafakitale a ku Asia anatsatira lamulolo pofuna msika. Chifukwa chake makiyibodi ambiri a masiku ano anawotchereredwa ndi msanganizo wopanda mtovu, umene umafuna madigiri 217 kapena kuposerapo, umaoneka wotuwa, ndipo ukasungunuka umayenda mwaulesi ngati phala lozizira. Mmisiri amene anazolowera mawailesi akale amadabwa poona kuti chowotcherera chake chokhulupirika chikulephera.

Mawailesi akalewo anali ndi chifundo. Wailesi ya Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready inapanga mu 1949 kuti anthu a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, kuphatikizapo mapologalamu a Chinyanja, inali ndi mavalavu amene ankangozulidwa ndi dzanja n'kubwezerapo ena. Pamene kunabwera mawailesi a matiranzisita, monga a Nzeru amene ankalumikizidwa ku Blantyre, zipangizo zinasamukira pa bolodi yokhala ndi njira za mkuwa, ndipo kuyambira pomwepo kumatula kunasanduka ntchito yofuna dzanja lofatsa. Ulimbo wa nkhani yonse uli pa mkuwa umenewu. Pa bowo lililonse la bolodi pali kamphete ka mkuwa kamene mwendo wa chipangizo umawotchereredwapo. Kamphete kameneka n'kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo kanangomatidwa ndi guluu. Pa mabolodi a mbali ziwiri, monga a kiyibodi, m'kati mwa bowo mulinso kachubu ka mkuwa kolumikiza mbali yapamwamba ndi yapansi. Moto ukakhalitsa guluuyo amafooka, ndipo munthu akakoka mwendo umene sunamasuke, kamphete kamatuluka limodzi ndi mwendowo, nthawi zina ndi kachubu komwe. Switchi ili ndi ina yolowa m'malo mwake, kagetsi kalinso ndi kena, koma bolodi ndi imodzi yokha. Mmisiri akakakamizika kusankha, aononge switchi, bolodi ikhale.

Apa pali zinthu ziwiri zimene ophunzira amavutika kuzikhulupirira. Choyamba n'chakuti chowotcherera chozizira chimaononga kuposa chotentha. Wamantha amachepetsa moto poopa kuwotcha bolodi, ndiye amakhala masekondi 15 kapena 20 akusindikiza nsonga pa kamphete kudikira kuti mtovu usungunuke, ndipo nthawi yonseyo guluu akupsa. Chowotcherera cha madigiri apakati pa 330 ndi 370, cha nsonga yoyera ndi yophwatalala ngati ya sikuludiraiva, chimatsiriza ntchito m'masekondi atatu kapena anayi. Nsonga yosongoka ngati singano imaoneka yaluso koma imakhudza malo ochepa, choncho sipereka moto wokwanira. Chachiwiri n'chakuti wofuna kuchotsa mtovu ayenera kuyamba wauwonjezera. Mtovu watsopano umabweretsa flux watsopano, umatsitsa mlingo umene wakalewo umasungunukira, ndiponso umanyamula moto kuufikitsa tsidya lina la bowo. Woonerera amaganiza kuti mmisiri wasokonezeka, koma imeneyo ndiyo njira yake.

Chida chochotsera mtovu wosungunuka ndi kapampu kokhala ndi sipuling'i m'kati. Mmisiri amakankha ndodo yake mpaka itakola, n'kusungunula mtovu, n'kudikira sekondi imodzi kapena ziwiri kuti wa m'kati mwa bowo nawonso usungunuke, kenaka n'kuchotsa chowotcherera, kuvundikira mwendo ndi kamwa la kapampu, ndi kudina batani lake. Zonsezi zimachitika ngati kuphethira kwa diso. Ena amaveka kachubu ka silikoni kukamwako kuti mpweya usalowere m'mbali, ndipo kapampu kamayamwa bwino koposa. Kakayamwa theka lokha, kubwereza pa bowo louma n'kulakwa. Bowolo lidzazidwenso ndi mtovu watsopano, lipatsidwe nthawi yozizira pamene mmisiri akugwira lina, kenaka ayambirenso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa kiyibodi yofuna kusintha maswitchi onse, imene ili ndi mabowo oposa 400 ngati ili ndi timagetsi, mwambiwu umafunika kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Timagetsi timeneti, totchedwa LED, ndito timasokoneza ambiri. LED yofiira yoyamba inapangidwa ndi Nick Holonyak ku America mu 1962, ndipo yabuluu yowala, imene inatsekula njira ya timagetsi toyera ta m'matochi ndi m'nyali za sola, inatuluka ku kampani ya Nichia ku Japan mu 1993 kudzera m'ntchito ya Shuji Nakamura. Pa makiyibodi ambiri owala, kagetsi kamakhala pamwamba pa switchi, ndipo miyendo yake iwiri imadutsa m'timabowo ta m'thupi la switchiyo isanafike pa bolodi. Kunena kwina, kagetsi kamakhomerera switchi ngati msomali. Amene wamasula miyendo iwiri ya switchi n'kuyamba kuikoka, osadziwa kuti palinso miyendo iwiri ya kagetsi, amathyola switchi kapena kuzula timphete. Lamulo ndi lakuti kagetsi kachoke poyamba, switchi pambuyo. Mabowo a kagetsi ndi aang'ono ndiponso oyandikana, ndipo umodzi wa miyendo yake nthawi zina umalumikizana ndi chigawo chachikulu cha mkuwa chimene chimamwa moto, kotero kuti kapampu kamalephera kawirikawiri. Njira yosavuta ndi kuimika bolodi chammbali, kuika dontho lalikulu la mtovu lokhudza miyendo yonse iwiri, ndipo likasungunuka kukoka kagetsi pang'onopang'ono kumbali inayo ndi chopanira. Kakakana, moto sunafike. Mphamvu siiyenera kuwonjezeredwa. Mabowowo amayeretsedwa pambuyo pake, atatsala opanda kanthu.

Kagetsi kali ndi mbali yolowera magetsi ndi yotulukira, ndipo kakabwezeredwa chadodolido sikayaka. Katsopano kamadziwika ndi mwendo wautali, umene ndi wa mbali ya +, koma kochotsedwa pa bolodi miyendo yake inadulidwa kale mofanana. Choncho mmisiri amayang'ana chizindikiro cholembedwa pa bolodi, kapena amapanikiza miyendoyo pa kabatire kophwatalala ka CR2032, ka mavoti atatu, kuti aone mbali imene kakuyakira. Ayeneranso kukumbukira kuti kofiira kamafuna mavoti pafupifupi awiri pamene koyera ndi kabuluu timafuna pafupifupi atatu, ndiye kusintha mtundu kumasinthanso kuwala. Makiyibodi ena atsopano ali ndi timagetsi tophwatalala tomatidwa pa bolodi penipeni, pansi pa switchi yoonekera m'kati. Timeneto sitifunika kukhudzidwa konse.

Kagetsi katachoka, imatsala switchi. Mtovu ukayamwidwa bwino, mwendo uliwonse umaoneka uli pakati pa bowo lakuda, ndipo ukakankhidwa ndi chopanira umagwedera. Nthawi zina umamatirira pang'ono m'mphepete n'kumasuka ndi kaphokoso kakang'ono; zimenezo zilibe vuto. Koma ngati uli nji, ntchito sinathe. Mafakitale ena amapinda miyendo kuti switchi isagwe poiwotcherera, ndipo yotereyo iyenera kuongoledwa mtovu uli wosungunuka, mosakanda kamphete. Makiyibodi ambiri alinso ndi chitsulo chophwatalala pakati pa maswitchi ndi bolodi, ndipo switchi imakola m'chitsulocho ndi timano tiwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Timanoto tikapanidwa, ndipo kachitsa ka pulasitiki kapakati kakakankhidwa kuchokera pansi, switchi imatuluka yokha. Kutema ndi sikuludiraiva, monga mmene ena amachitira, n'kumene kwapha mabolodi ambiri.

Zida zimene zatchulidwazi sizipezeka paliponse, ndipo magetsi a ESCOM sanafike m'midzi yonse yozungulira maesiteti. Ngakhale kumene anafika amathima, monga anachitira kwa miyezi yambiri namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Amisiri ena amagwiritsa ntchito chowotcherera cha mavoti 12 cholumikizidwa ku batire ya galimoto kapena ya sola, ndipo chimagwira bwino ndithu. Chitsulo chotenthetsa pa mbaula, chimene okhoma ndowa amadalira, chingathandize kulumikiza waya wa sipika, koma pa kiyibodi n'choopsa, chifukwa chimachoka pamoto chitapsa kwambiri n'kuzizira ntchito ili pakati. Wosowa kapampu angasende chingwe chakale cha eriyo ya wailesi yakanema, n'kutengamo ulusi wolukana uja, n'kuupaka flux. Akauika pa mtovu n'kuusindikiza ndi chowotcherera, ulusiwo umamwa mtovu monga chingwe cha koloboyi chimamwera parafini. Ulusiwo uyenera kukhala wa mkuwa weniweni, pakuti wa aluminiyamu sugwira mtovu. Chimene sichiyenera kubwerekedwa kwa okhoma ndowa ndi asidi wao. Asidiyo amatsuka malata bwino, koma pa bolodi amapitiriza kudya mkuwa mwakachetechete, ndipo pakatha miyezi iwiri ya chinyontho njira zonse zimakhala zitabiriwira.

Kamphete kakazuka, zimene zimagwera ngakhale amisiri okhwima, kiyibodi siinafe. Mmisiri amalondola njira ya mkuwa kuchokera pa bowo loonongekalo mpaka pamene ikukathera, kawirikawiri pa diode kapena pa switchi yoyandikana ya mzere womwewo, n'kudutsitsa kawaya kopyapyala kuchokera pa mwendo wa switchi kukafika pamenepo. Mita yoyesera magetsi imalira kusonyeza kuti njira yalumikizana. Mwini katundu ayenera kuuzidwa za kawayako, chifukwa mmisiri wina wodzatsekula m'tsogolo angakaone ngati chinyalala n'kukachotsa.

Pali nkhani ina imene siyenera kudumphidwa, ndiyo ya thanzi. Utsi umene umatuluka powotcherera ndi wa flux, ndipo kuupuma tsiku ndi tsiku kumayambitsa chifuwa cha mphumu mwa anthu ena. Choncho ntchitoyi ichitikire pakhonde kapena pafupi ndi zenera. Mtovu weniweniwo umalowa m'thupi kudzera m'manja ndi pakamwa. Amisiri ena amaluma waya wa mtovu kuti manja onse awiri akhale omasuka, kenaka n'kupita kukadya nsima atangotsukuluza zala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo amene amavulala kwambiri ndi ana, chifukwa mtovu umaononga bongo umene ukukula. Anthu a ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa mtovu unakumbidwa kwa zaka pafupifupi 90 mpaka kutsekedwa mu 1994, akulimbanabe ndi fumbi lake. Benchi la mmisiri mmodzi si mgodi, komabe timibulu tonyezimira timene kapampu kamalavula timakopa mwana wokwawa. Tisonkhanitsidwe m'kachitini kotseka, manja asambidwe ndi sopo, ndipo mabolodi otha ntchito asatenthedwe pamoto pofuna mkuwa.

Opanga makiyibodi ena anaona vuto lonseli n'kuyamba kuika timasoketi pansi pa bolodi, kotero kuti switchi imazulidwa ndi kubwezeredwa popanda moto, monga mavalavu a Saucepan Special aja. Wogula kiyibodi ya kaunjika angachite bwino kufunsa ngati ili ya mtundu umenewo, umene umatchedwa hot-swap, ndipo mmisiri ayang'ane pansi pa bolodi asanayatse chowotcherera, kuopa kusungunula soketi imene inalibe mlandu.

Kumene switchi yatsopano ili kutali, yolowa m'malo imapezeka pa kiyibodi yomweyo. Mabatani a Scroll Lock ndi Pause amakhala zaka osadinidwa, ndipo switchi ya limodzi la iwo ikhoza kusamutsidwira pa nambala 5 ija, yakufayo n'kupita kukatseka malo ake. Poibwezera, switchi ikhale pansi ndithu, timano take titakola, isanawotchereredwe. Kagetsi kalowe pambuyo, ndipo kayesedwe kaye miyendo yake isanadulidwe. Mtovu wabwino umakwera mwendo ngati kachulu kosalala, osati kambulu kongokhala pamwamba. Zotsalira za flux zipukutidwe ndi spiriti, chifukwa zimakola fumbi limene limadzamwa chinyontho cha chiperoni. Ndipo masikuluu asanabwerere m'malo mwao, kiyibodi ilumikizidwe ku kompyuta, mabatani onse adinidwe limodzi ndi limodzi, kuyambira la Esc pamwamba kumanzere mpaka la Enter pansi kumanja.